Nkhupakupa ndi Amtengatenga a M'ntchafu za Njiri

Padangokhala, kale nyama zikadali ndi mabwalo a milandu ngati ife, kunali Mfumukazi Njati. Dziko lake linali lalikulu, choncho mawu ake ankayenda pa miyendo ya amithenga: Nswala patsogolo, Gwape ndi Mbawala pakati, Njiri kumapeto kwenikweni. Koma amithengawa anali ndi vuto. Akathamanga kwambiri, ntchafu zinkayaka ngati wina wathiramo tsabola, miyendo n'kulemera, iwo n'kugwa pansi wefuwefu uthenga uli m'kamwa. Tsiku lina uthenga wakuti kukubwera mikango unafika mikangoyo itadya kale ana awiri a Mbidzi n'kupukuta pakamwa.

Mfumukazi anapsa mtima, naitana Nungu, sing'anga wa pabwalo.

Nungu ameneyu anali wodzimva. Ndiye anayambitsa mwambo wa luzi. Mthenga aliyense ntchafu zikayamba kuyaka, ankamangidwa luzi kumtunda kwa miyendo mothinitsa, ati kuti chiphe chisakwere kumtima, kenako ankagona pansi osagwedezeka mpaka ululu utatha. Ululuwo unkachedwa kutha, koma panalibe wofunsa chifukwa chake. Munthu waminga thupi lonse sumufunsa kawiri.

Nungu anagwedeza minga, naponya ula wake, nauyang'ana nthawi yaitali.

"Wawa Amayi, ula sunama. Chiphechi chikuchokera kwa ankhupakupa. Akaluma amalavulira m'magazi."

"Ndiye titani?" anafunsa Mfumukazi.

"Kakowa awatole onse. Asatsale ndi mmodzi yemwe."

Kakowa anali kapitawo wa pabwalo, wamalaya oyera ndi mlomo wautali. Atamva mawuwo anameza malovu aliyense akumva.

Tsono pa khutu la Njiri pankakhala Nkhupakupa, mayi wa ana makumi asanu ndi limodzi, onse obisala m'makwinya a khosi la Njiri yemweyo. Chigamulocho chinamulasa mtima. Anachita mantha, inde, koma mkwiyo unaposa manthawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakwera pansonga ya khutu n'kufuula ndi mawu ake onse.

"Wawa! Kodi pabwalo lino amapha munthu asanayankhe?"

"Akulankhulayo ndani?" anatero Mfumukazi, akuunguzaunguza.

"Ndine Nkhupakupa, Amayi, wa pa khutu la alamu angawa a Njiri."

"Chilamu chimenecho chinayamba liti?" anang'ung'udza Njiri.

"Magazi timamwa, Amayi, sitikana. Koma wakuba chimanga asapachikidwe mlandu wa mbuzi. Chiphe ife tilibe. Tiyeseni muone. Abale anga onse a pa Nswala asamuke, Nswala akhale woyera mbee. Ife tikhale pa Njiri. Awiriwa athamange katatu kukatenga mkanda wofiira kwa Mvuu, nduna ya kumalire, n'kubwera nawo kuno. Njiri akapambana ngakhale kamodzi, ankhupakupa ali mbwee pathupi, mudziwe kuti ula wa a ng'anga wanama."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Njiri, timiyendo tofupika, mimba yotsala pang'ono kukhudza pansi, ntchito yake kugona m'matope! Mfumukazi yekha sanaseke.

"Ndavomera. Koma akalephera katatu konse, Kakowa adzayambira iwe, ana ako akuona."

Kunena zoona, Nkhupakupa sankadziwa chimene chinkawotcha miyendo ya amithenga. Moyo wake wonse anali atamwera pa khutu pokha. Chimene ankadziwa n'chakuti si iye ayi, ndipo anatsimikiza mumtima kuti chinthucho achipeza basi.

M'mawa mwake mpikisano woyamba unayamba. Nswala anangoti zii, osaonekanso. Njiri anali pambuyo, phuu phuu, mchira uli m'mwamba. Nkhupakupa anatsika pa khutu, nakwawa msana wonse, nafika pa ntchafu, n'kulowetsa mlomo wake. Analawa, ndipo nkhope inachita tsinya. Magazi a pamenepo anali owawasa ngati matsukwa, madzi aja otsala povuula mphale.

Ali chilawire, anamva nyimbo m'katimo. Inali nyimbo ya anthu ogwira ntchito yopatsirana katundu. Mmodzi ankatsogolera, kuitana mnzake kuti alandire chikho, ena n'kuvomera kuti alandira ndipo apereka kutsogolo. Inkanena kuti chofululidwa ku ntchafu chimakamwedwa kumtima, ndipo inkayenda ndi kugunda kwa mapazi a Njiri. Koma mawu ake anali ochepa ndi otopa.

Atafika kwa Mvuu anapeza Nungu akudikira ndi luzi lake, Nswala atagona kale chomangidwa. Nungu anamanganso Njiri, namugoneka. Nthawi yomweyo nyimbo ija inaduka.

"Odi m'katimo!" anaitana Nkhupakupa.

"Ndani akuboola denga?" anayankha mawu aukali.

"Mlendo, bambo. Inu ndinu ndani?"

"Ndife amtengatenga, ine ndine mkulu wawo. Timaima pa timakomo ta mnofu. Mwini thupi akathamanga mwaliwiro, mnofu umaphika mothamanga, ndiye chakudya chimatsala chosapsa, chowawasa. Ife timachitunga m'tizikho n'kuchitulutsa pakhomo, magazi n'kuchitenga."

"Kukachitaya kuti chiphe chimenecho?"

"Chiphe? Mayi, musatilaule! Kwa a Mtima kuli anzathu, iwo ntchito yawo n'kulowetsa. A Mtima amachimwa chimenechi ngati thobwa, ndipo akamwa ndiye ng'oma yawo imalira bwino. Minofu yofiira ija yosatopa msanga nayo imadyako. Chotsala a Chiwindi amachiphikanso chitsekemere n'kutibwezera kuno. Ngakhale a Ubongo amanyambitako. Chimavuta chikaunjikana malo amodzi basi."

"Nanga mwalekeranji kuimba?"

"Wina watseka njira kumtundaku. Magazi aima. Titulutsire kuti? Tangoti njo, zikho zili m'manja. Komanso ndife ochepa. Pakhomo pofunika anthu khumi pali awiri."

"Anzanuwo ali kuti?"

"Sanabadwe. Kuno mtengatenga amabadwa ntchito ikachuluka tsiku ndi tsiku. Nanga mwini thupi uyu, wongogona m'matope, iwo abadwirenji?"

"Atati athamange tsiku lililonse, angabadwe liti?"

"Mwezi umodzi mungayambe kumva kusintha. Koma akathamanga asamagone thapsa. Aziyenda pang'onopang'ono, magazi azitithandiza."

Nkhupakupa anathokoza, nazula mlomo wake. Mtima wake unali m'malo tsopano, ngakhale tsikulo Njiri anakafika pabwalo dzuwa litapendeka, Nswala atasamba kale n'kudya.

"Kamodzi," anatero Kakowa, akunola mlomo pa mwala.

Nkhupakupa ankafuna mwezi, ndipo ankadziwa kuti akaupempha yekha sapatsidwa. Anadikira mpaka Kakowa atayandikira, ndipo anayamba kulira mokweza.

"Amayi, tichitireni chifundo! Mpikisano wachiwiri ukhale mawa, wachitatu mkuja, tife msanga. Ana angawa panopa ndi ang'ono ngati mawere. Bola adyedwe ali choncho, wowadyayo asamve n'kukoma komwe. Akakhala mwezi anenepa ngati nzama, ndiye ine sindifuna kuti wina akhute ndi ana anga."

Kakowa anatambasula khosi.

"Wawa Amayi, milandu yaikulu sithamangira. Ine ndikuona kuti pakati pa mpikisano ndi unzake pazidutsa mwezi wathunthu."

Mfumukazi anavomera. Nkhupakupa analira kwambiri, nkhope ataibisa m'khutu la Njiri kuti anthu asaone mano.

Poyamba anayesa chilungamo. Anafotokozera Njiri zonse za amtengatenga ndi tizikho tawo, za Mtima womwa ndi Chiwindi chophikanso. Njiri anaseka mpaka kugubuduka.

"Anthu m'ntchafu mwanga? Oimba? Iwe wakhuta magazi, kagone." Anatero n'kulowa m'matope.

Choonadi chitakanidwa, Nkhupakupa anatulutsa bodza. M'mawa mwake, Njiri akusinza, anamuluma patsinde pa mchira n'kukuwa.

"Nyalugwe, alamu! Nyalugwe kumbuyoku!"

Njiri anadzambatuka, liwiro la mtondo wadooka. Ntchafu zitayaka anaima kuti afune luzi.

"Mukaima kumanga luzi akupezani! Yendani!"

Anafuna kugona. Nkhupakupa anamuluma pamimba.

"Mukagona mwakhala ndiwo! Yendani pang'onopang'ono, ndikuyang'anirani kumbuyo."

Njiri anayenda akutukwana. Ululu unatha msanga kuposa masiku onse. Mawa lake zomwezo, mkuja zomwezo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Njiri anangotsegula diso limodzi.

"Nyalugwe wako ameneyu, bwanji amabwera m'mawa mokhamokha? Ndipo bwanji amamuona ndiwe wekha, timaso tako tosaoneka n'komweto?"

"Mwandigwira, alamu. Ndinkachita manyazi kunena zoona zake. Tsiku lija kwa Mvuu kunali njiri yaikazi, yamanyanga okongola. Inandifunsa kuti bambo aja othamanga mchira uli m'mwamba ndi a kwa yani. Inati imaonerera patali m'mawa uliwonse, koma ndi yamanyazi, siionekera."

Njiri anaimirira, nadzikung'untha matope.

"Inatero? Ikuonerera mbali iti?"

Kuyambira tsikulo sanafunenso kulumidwa. Ankathamanga yekha, chifuwa chili patsogolo. Tsiku lililonse Nkhupakupa ankatsikira ku ntchafu kukamvetsera, ndipo nyimbo ija inkanenepa. Kumene kunali mawu awiri kunayamba kumveka asanu, kenako asanu ndi atatu. Iye anaiphunzira, n'kumaiimbira m'khutu la Njiri. Iye ankatsogolera za chikho chopatsirana, ana ake makumi asanu ndi limodzi n'kumavomera m'khosimo, mapazi a Njiri n'kumaponda motsata nyimbo.

Mwezi utatha, mpikisano wachiwiri unafika. Nswala anauyamba monyada, koma atacheuka ali pafupi ndi kwa Mvuu anaona Njiri ali pa chidendene pake. Analowa limodzi. Nungu anadabwa, natulutsa luzi lake.

"A ng'anga, ine lero sizikundipweteka kwenikweni," anatero Njiri. "Ndingoyendayenda."

"Khala chete! Sing'anga ndiwe? Mwambo ndi mwambo."

Anamanga onse awiri, nawagoneka. Nkhupakupa anamvetsera ku ntchafu. Nyimbo inali itaduka, ndipo mkulu wa amtengatenga ankakalipa kuti tsopano achuluka koma wina akuwaseweretsa. Atamasulidwa, miyendo ya Njiri inali ngati zitsa. Anayesetsa pobwerera, koma Nswala, wopepuka thupi, analowa pabwalo Njiri akuonekera chapafupi pomwepo.

"Kawiri," anatero Kakowa. Anayandikira khosi la Njiri, nayang'ana ana a Nkhupakupa mmodzimmodzi ndi diso limodzi, kenako ndi linalo. "Akukula bwino."

Tsiku limenelo Nkhupakupa sanamwe kanthu. Anali ndi chisoni chachikulu, poti ntchito ya mwezi wathunthu inagwetsedwa ndi kachingwe. Koma kulira sikumasula luzi. Anaganiza kuti amtengatenga alipo okwanira, ndipo mwezi winawu achulukanso. Mdani watsala ndi luzi. Kupempha Nungu kuti asamange kunali kutaya malovu, chifukwa munthu wodzimva ukamuuza kuti mankhwala ake ndi oipa ndiye amawonjezera. Anaona kuti m'malo mwake awayamikire.

Mwezi wachiwiri unatha Njiri akuthamangabe m'mawa uliwonse, akufunafuna njiri yaikazi yamanyazi ija. Litatsala tsiku limodzi, Nkhupakupa anaona Kakowa akuyendayenda pafupi, akunamizira kutola ziwala. Anayamba kunong'ona, kunong'ona kwake komveka kutali.

"Alamu, chinsinsi chathu chisatuluke. Mphamvu zanu zonsezi zachokera m'luzi la a ng'anga. Miyezi iwiri yonse ndakhala ndikutola totsala take n'kumakumangani muli m'tulo. Mawa tikawanyengerere atimange kawiri mwendo uliwonse, ndipo musakamasule pobwerera. Akatero, Nswala sakuonaninso."

"Koma iwe unkati luzi ndi..."

Nkhupakupa anamuluma khutu mwamphamvu.

"Mayo!"

"Ee, alamu, ndi mankhwala oopsa zedi."

Kakowa anauluka osatsanzika. Nungu atamva anatukumula minga yonse.

"Ndinadziwa ine! Kanjiri kameneka kangathamange choncho pa mphamvu zake? Ndi luzi langa. Mawa aona."

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma Nungu sanafunse kawiri.

Tsiku la mpikisano wachitatu linafika. Nswala ndi Njiri analowanso kwa Mvuu limodzi, aliyense natenga mkanda wake. Nkhupakupa anagwada pansonga ya khutu, akuomba m'manja.

"A ng'anga, tate wathu, lero ndi lomaliza. Amangeni alamu angawa kawiri, chonde."

"Kawiri? Ngakhale kachingwe kamodzi simulandira, akuba inu."

"A ng'anga, afa ndi chiphe!"

"Afe. Chiphecho n'chako."

Nungu anatenga luzi lonse, la Nswala ndi la Njiri lomwe, namanga Nswala kawiri mwendo uliwonse, akukoka ndi mano.

"A ng'anga, zathina kwambiri," anadandaula Nswala.

"Kuthinako ndiye mankhwalawo. Ndipo lero usamasule. Upite nalo mpaka pabwalo."

Njiri sanagonekedwe, poti sing'anga anali atamutaya. Ankangozungulira, akulira zenizeni, chifukwa mwambo wobadwa nawo suchoka msanga m'mutu.

"Chikukwera kumtima! Ndikuchimva chikukwera!"

"Chilekeni chikwere, alamu. Kumeneko akuchidikira ndi ludzu."

Nkhupakupa anatsikira ku ntchafu. Nyimbo inali itagwira moto. Otsogolera anali ambiri, ovomera osawerengeka, ndipo kutali ndithu ankamva gulu lina likuyankha kuti lalandira, ng'oma ya Mtima ikugunda mokhuta. Analawa magazi, ndipo kuwawasa kunali kukuchepa.

Mvuu anakuwa kuti abwerere. Nswala anadumpha katatu, kanayi, natsogola. Kenako anayamba dzandidzandi, miyendo ikukana kupinda, mpaka anagwa chammbali. Njiri anadutsa, Nkhupakupa akumuimbira m'khutu, ana akuvomera, mapazi akuponda motsata. Sanaime mpaka anakaika mkanda wofiira pamapazi a Mfumukazi.

Nyama zinaimba nthungululu. Koma phokoso lisanathe, Kakowa, amene ankatsata mpikisano ali m'mwamba, anatera pakati pa bwalo.

"Wawa Amayi, Nswala wagwa pakati pa njira. Miyendo yatupa, yazizira. A ng'anga akubwera pambuyo ndi luzi lina kuti akawonjezere. Ndipo zonsezi wachititsa ndi uyu. Ndinamumva ndi makutu anga akuti kumanga luzi kawiri ndiye mphamvu."

Mfumukazi anayang'ana pa khutu la Njiri.

"N'zoona zimenezi?"

"Ndinanena, Amayi. Ndinkauza alamu anga. Amene anatola mawuwo n'kukawagulitsa si ine."

"Njiri wapambana, ndaona. Koma mthenga wanga wabwino akufa chifukwa cha lilime lako. Nswala akafa, mlandu ukadali pamutu pako ndi pa ana ako."

Nkhupakupa anaona kuti zavuta. Kupambana kunali m'manja, koma kunkapulumuka. Komanso za Nswala zinamukhudza, chifukwa sankafuna kuti afe, ankangofuna kuti achedwe.

"Nditumeni, Amayi. Luzi lija lidulidwe msanga, koma mosamala, ndipo amene angamve za m'kati mwa mwendo ndine ndekha. Wondifikitsa a ng'anga asanafike alipo mmodzi."

Maso onse anatembenukira kwa Kakowa.

"Pa malaya anga oyerawa nkhupakupa sakwera," anatero Kakowa. "Akafuna, alowe m'kamwa."



"Usalowe m'menemo," anatero Njiri. "Ndikuperekeza ndine."

"Mwatopa, alamu, ndipo tikafika mochedwa. Ndisungireni anawa."

Mfumukazi anaponda pansi kamodzi, fumbi kobo.

"Kakowa, ukameza, phazi ili likupeza. Ndipo chimene akakuuze kumeneko, ukachite."

Kakowa anayasamula, Nkhupakupa nalowa, nakhala pa lilime. Munali mdima, motentha, ndipo kummero kunali pafupi kwambiri. Koma Nkhupakupa pakamwa pake sipanatseke.

"A Kapitawo, muli ndi malovu ambiri. Mukudwala? Musayankhe, ndingagwe. Ndimafuna ndikuthokozeni. Mwezi uja munandipemphera ndinu. Uthenga wa luzi munandiperekera ndinu. Lero mwandinyamula. Pa amithenga onse a Amayi, wokhulupirika kwa ine ndinu."

Kakowa anauluka khosi likugwedezeka ndi mkwiyo, koma kuyankha sakanatha, kumeza sakanayerekeza. Atafika anamulavula pa ntchafu ya Nswala.

Nswala anali gone, maso atatembenuka. Nkhupakupa analowetsa mlomo. Magazi anali owawasa koopsa, ndipo m'katimo munali chete.

"Odi! Muli moyo m'menemo?"

Patapita nthawi kunamveka mawu ofooka. "Tilipo, koma zikho zadzaza, pansi padzaza. Titsegulireni."

"A Kapitawo, dulani lakumtundalo. Limodzi lokha. Dikirani. Tsopano linalo. Pitani mwendo winawo."

Kakowa anadula ndi mlomo wake wonoledwa uja. Akumaliza, Nungu anatulukira akukoka mtolo wa luzi.

"Ndani wamasula wodwala wanga? Chiphe chikwera kumtima!"

"Lamulo la Amayi," anatero Kakowa mosakondwa. "Kafunseni phazi lawo."

Magazi atayamba kuyenda, Nswala anakuwa ndi ululu, nafuna kugonanso.

Nkhupakupa anakuwa, "Dzukani, achemwali. Kugona ndiye imfa. Imirirani."

"Sindingathe."

"Mutha. Phazi limodzi. Tsopano linalo. Mukagona ndikulumani pamene simunalumidwepo."

Nswala anaimirira akunjenjemera, naponda, napondanso. Nkhupakupa anamvetsera. Mawu amodzi anayamba kuitana mnzake kuti alandire chikho. Kenako wina anavomera, wina n'kutsatira, ndipo nyimbo inadzuka, yochepa koma yamoyo. Anayenda choncho pang'onopang'ono, Nungu akulalata pambuyo, mpaka Nswala analowa pabwalo ndi miyendo yake inayi.

Mfumukazi anaimirira.

"Ndaona ndi maso anga. Luzi latha m'dziko lino. A ng'anga, muzikamangira mitolo ya nkhuni. Amithenga onse azithamanga m'mawa uliwonse, ndipo akatopa aziyenda, asamagone. Ankhupakupa alibe mlandu wa chiphe. Akhale."

Nkhupakupa anabwerera pa khosi la Njiri, nawerenga ana ake. Anali onse. Apo ndiye analira zenizeni, kulira kwa chimwemwe.

Koma Kakowa anatambasula mapiko.

"Wawa Amayi, nanga ine? Miyezi iwiri ndadikira. Lero chakudya chakhala pa lilime langa n'kundinyoza, ine osameza. Ndipite chimanjamanja?"

Mfumukazi anaganiza pang'ono.

"Nawenso wamvera lamulo. Imva tsono. Nkhupakupa amene ali pathupi la nyama usamukhudze. Koma amene wataya pamene waluma n'kugwa pansi, ameneyo ndi wako."

Nkhupakupa anapukuta misozi, naitana ana ake onse kuti ayandikire.

"Mwamva nokha, ana anga. Pamene waluma, usasiye. Akakukoka, usasiye. Thupi lichoke, mutu utsale."

Mpaka lero Kakowa amayenda pambuyo pa ziweto, maso ali pansi, kudikira wogwa. Ndipo nkhupakupa ukamukoka, umachotsa thupi, mutu n'kutsala momwemo.

Nthano yanga yapumira apa. Amene miyendo yachita dzanzi pomvetsera, aimirire ayendeyende.